Timabowo ta mu titanium dioxide: zomwe ndamvetsa mwezi uno

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikuwerenga za photocatalysis, momwe kuwala kumapatsira zinthu zina mphamvu yogwira ntchito monga kuphwanya zoipa za mmadzi, makamaka ufa wa titanium dioxide (TiO2) wokhala ndi timabowo, ndipo poyamba ndimaona ngati nkhani yake njachidule: ufa uja ukhale ndi timabowo tambirimbiri, malo ogwirirapo ntchito achuluke, basi zatheka. Pano ndaona kuti sizili choncho ayi.

Chiyambi chake ndi 1972 pomwe Akira Fujishima ndi Kenichi Honda aku Japan anaonetsa kuti TiO2 akawombedwa ndi kuwala kwa UV (ultraviolet, kuwala kosaoneka ndi maso) amathandiza kugawa madzi kukhala hydrogen ndi oxygen. Kuwala kumakankha electron kuchoka pamalo pake, pomwe yachokapo pamatsala mpata omwe amati hole, ndiye awiriwa akafika kunja kwa kambewu ka ufa amakumana ndi madzi komanso oxygen nkupanga ma radical, tinthu tosachedwa kugwirana ndi zinthu zina, omwe amaphwanya zoipa za mmadzi. Koma ambiri safika nkomwe, amabwererana mkati momwemo mphamvu ija nkungosanduka kutentha.

Timabowo ta pakati pa 2 ndi 50 nm (nm imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) amati mesoporous. Popanga amasakaniza titanium isopropoxide, mankhwala omwe amasanduka TiO2, ndi zinthu zokhala ngati sopo monga P123 kapena CTAB kuti zikhale chikombole, kenako amawotcha pa madigiri cha mma 400 mpaka 500 kuti chikombolecho chipse timabowo titsale. Apa ndi pomwe pandigwira mtima kwambiri, chifukwa moto womwewo ndi womwe umasanja ma atomu bwinobwino kukhala anatase, mtundu wa TiO2 womwe nthawi zambiri umagwira bwino ntchito, koma ukapitiriza kuwotcha makoma aja amakhuthala, timabowo timagwa, ndipo cha mma 600 kupita mtsogolo anatase amayamba kusanduka rutile, mtundu wina wa TiO2. Ukawotcha pang'ono utsala ndi ufa wa malo ambiri koma ma atomu ali balala, ndipo mmalo osokonekerawo ndi momwe electron ndi hole zimabwererana msanga. Ndiye wofufuza amakhala pakati, mbali iyi akufuna timabowo mbali inayo akufuna makoma osanjika bwino.

Chomwe chinanditsimikizira ndi P25, ufa wa TiO2 wogulitsidwa womwe pafupifupi aliyense amayerekezera nawo ntchito yake. Malo ake ndi cha mma 50 m² pa gramu basi, ochepa poyerekeza ndi ufa wa timabowo, koma kuupambana si masewera.

China chomwe ndikuona kuti ndichofunika kwambiri ndi kayezedwe. Ambiri amathira utoto wa methylene blue mmadzi pamodzi ndi ufa uja, nkuyatsa nyali, mtundu wa buluu ukazilala akuti ufa wagwira ntchito. Komatu ufa wa timabowo umayamwa utoto ngati siponji ngakhale mumdima! Nchifukwa chake amayenera kutakasa kaye mumdima mpaka kuyamwako kusiye, kenako ndi pomwe ayatse nyali. Komanso utotowo pawokha umatha kulandira kuwala kooneka ndi maso nkupereka electron kwa TiO2, ndiye munthu atha kunena kuti ufa wake ukugwira ntchito popanda UV pomwe ntchitoyo waiyambitsa ndi utoto. Pano ndikamawerenga lipoti ndimayang'ana kaye ngati anayesanso ndi phenol yemwe alibe mtundu, kapena ngati anayeza carbon yotsala mmadzimo.

Sabata ya mawa ndiyamba za kuthira nitrogen mu TiO2. Anatase amafuna mphamvu ya 3.2 eV (electronvolt) kuti electron ichoke pamalo pake, kutanthauza kuwala kwa UV kwa mafunde osapitirira 387 nm kutalika, ndipo UV ndi cha mma 5 peresenti chabe ya kuwala kwa dzuwa kofika pansi pano, ndiye ndikufuna ndimvetse ngati nitrogen amathandizadi TiO2 kugwira ntchito ndi kuwala kooneka ndi maso kapena amangowonjezera malo obwererana aja.