Musamangothamangira Sapitwa, pamwamba pa phiri la Mulanje pali madambo oti muwaone

Munthu akamva zoti mwakwera phiri la Mulanje funso lake limakhala limodzi basi, "nde munakafika pa Sapitwa?" Mukati ayi, nkhope imagwa, amaona kuti mwangotaya ndalama ya thiransipoti. Ineyo funso limeneli limandiwawa ndithu. Inde Sapitwa ndi nsonga yaitali kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, mamita 3,002, ndipo amene wafikapo ayenera kunyadira, koma kumeneko ndi miyala yokhayokha, umakwera chokwawa, kujambulitsa, mphepo n'kukuthamangitsa. Chimene chimandikoka ine chili m'munsi mwa nsongazo koma pamwamba pa nkhalango, malo aja a udzu otambalala amene ali pa mamita pafupifupi 2,000, omwe ukakhala pa Chitakale kapena pa Boma sungaganize n'komwe kuti aliko. Pansi pano timangoona khoma la mwala ndi mitambo, timayesa phiri limathera pompo. Ayi abale, kuseri kwa khoma limene lija kuli dziko lina, la madambo, timitsinje tozizira ndi maluwa amene kumudzi kuno sitiwaona.

Kafikidwe kake sikovuta. Kuchokera ku Limbe mumakwera minibasi, kaya yodzera ku Thyolo kaya ya msewu wa Midima, mutsike pa Chitakale, pamenepo mupeze kabaza wa njinga yamoto akakutuleni ku Likhubula. Ku Likhubula kuli ofesi ya zankhalango komwe mumalembetsa maina ndi kulipira, ndipo magaidi ndi anyamata onyamula katundu amapezeka pomwepo. Chonde tengani gaidi. Ena amati ndine mwana wa konkuno ndingasochere bwanji kwathu, koma chifunga cha pamwamba paja chikatsika simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo panu, ndipo anthu anatayikapo m'phiri limeneli osapezekanso. Komanso anyamata amenewa ntchito yawo ndi yomweyi, ndalama mukuwapatsayo ikukagula ufa ndi kulipira fizi m'midzi ya m'tsinde mwa phirimo.

Zopita ku Chambe, limodzi mwa madambo a pamwamba paja, njira zodziwika ndi ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, mawondo amayankhula. Ya Chapaluka imatsata mtsinje wa Likhubula n'kudutsa cha pa Dziwe la Nkhalamba, ndi yotalikirapo koma muli mithunzi ndi madzi, ine ndimakonda imeneyi pokwera. Za chitunda sindinena zambiri, ndi thukuta basi, mumakwera maola angapo mukupuma pang'onopang'ono, m'njira mukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni akutsika mothamanga pa malo oti inu mukugwira ndi manja omwe, muwapatse moni ndi kuwapatukira.

Kenako mitengo imayamba kufupika, imatha, mwatulukira.

Apa m'pamene ndimafuna ndikhalitsepo. Mukangomaliza chitunda chomaliza nthaka imagona pansi, mphepo imasintha, kutentha konse kuja kwatsala m'munsi, ndipo kutsogolo kwanu kuli udzu kufika kumene maso alekezera, uku ndi uku nsonga za miyala zitazungulira. Udzu wake si tsekera wa kumunda uja wotalika kuposa munthu ayi, ndi waufupi, umamera m'magulumagulu, wina wofika m'mawondo wina m'chiuno, ndipo mphepo ikamaomba umagona mbali imodzi n'kudzukanso dambo lonse nthawi imodzi. Mvula ikangotha kumene, cha mu Epulo ndi Meyi, umakhala wobiriwira biriwiri, pofika Julayi wasanduka wofiirira, dzuwa likamapendeka madzulo umachita kuwala. Njira yake ndi kakang'ono kodutsa munthu mmodzi, kamakhotakhota, kutsikira ku kamtsinje, kudumpha pa miyala, kukweranso, ndipo mutha kuyenda ola lathunthu osakumana ndi munthu, osamva galimoto, wailesi, chigayo, chilichonse, kungomva nsapato zanu ndi madzi akuyenda pansi pa udzu. Zimenezi kwa ife okulira m'maboma odzadza anthu ngati Mulanje ndi Thyolo, komwe munda wa tiyi ukatha payamba nyumba, nyumba ikatha payamba munda wa chimanga, ndi chinthu chachilendo zedi, mtima umakhala pansi mwa mtundu wina.

Ndiye maluwa. Amene amayenda maso ali kunsonga amawaponda osawaona. Muli timaluwa tina touma tokhala ngati tapepala, toyera ndi tachikasu, timene sitifota msanga ngakhale nthawi ya chilimwe. Muli zitsamba zamaluwa akuluakulu zimene mbalame zoyamwa timadzi ta m'maluwa zimakonda, ena ofiira ataima njo m'mbali mwa madzi, ndipo nthawi ya dzinja m'madambomo mumatuluka maluwa osiyanasiyana a mitundu yowala oti ukagwada n'kuwayang'anitsitsa umadabwa kuti amera okha popanda wowathirira. M'malo a miyala mumamera cheyo, chomera chija anthu amapangira timatsache, chimachita maluwa oyera okongola kwabasi, ambiri timangochidziwa chili kale tsache pa msika osadziwa kuti kwawo ndi kuno. Achimwene amene ankatitsogolera anatiimitsa pa chitsamba china n'kunena kuti "tayang'anani bwinobwino apa," ife kuyang'ana osaona kanthu, mpaka anachita kuloza ndi kamtengo, kanali kabilimankhwe kakang'ono zedi kofanana ndi tsamba louma. Phiri limeneli lili ndi mitundu ya abilimankhwe, achule ndi zomera zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, nde mukamayenda ndi gaidi wodziwa mufunseni, musachite manyazi. Pa miyala mumaona mbira zikuothera dzuwa, m'mwamba akhwangwala a khosi loyera akuzungulira, ndipo awa samalani nawo pa nthawi ya chakudya chifukwa buledi wosiyidwa poyera amanyamula.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi madzi. Paliponse mukaponda m'dambo nthaka yake ndi yakuda, yofewa, yonyowa ngakhale mwezi woti kumudzi zitsime zayamba kuphwa. Udzu umenewu ndi mizu yake zimagwira ntchito ngati chinkhupule, mvula ndi chifunga zikagwa zimamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Timitsinje timene mumadumpha ndi phazi limodzi pamwambapo ndi tomwe timakasanduka Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo ndi ina ija timaidziwa kunsi kuno, yomwe ikuthirira minda ya tiyi, kudzadza mipope ya m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo madzi ena a Likhubula amayenda pa mapaipi mpaka kukamwedwa ku Blantyre. Ukaima pamenepo n'kutunga ndi manja madzi ozizira mpaka mano kuwawa, umazindikira kuti tiyi wa mmawa wa anthu zikwizikwi akuyambira pa udzu umene waupondawo.

N'chifukwa chake moto umandipweteka mtima. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, usiku tikakhala pansi pano timaona mizere yofiira ikuyenda m'phiri, ana amasangalala nayo, koma pitani mukaone mmawa wake. Dambo lonse bii, phulusa lokhalokha, fungo la utsi, ndipo moto sumaima pa udzu pokha, umalowa m'timinkhalango ta m'makwawa momwe muli mitengo ing'onoing'ono. Wina amayatsa pofuna kusaka nyama, wina wasiya moto umene amaphikira, wina ndudu chabe. Udzu umaphukanso inde, koma ukapsa chaka ndi chaka nthaka imatsala pambalambanda, mvula yoyamba ikabwera imangokokolola. Tonse tikukumbuka zimene namondwe wa Freddy anatichita mu Malichi 2023, miyala ndi matope kutsika m'mapiri kukwirira midzi, akuluakulu akukumbukanso za ku Phalombe mu 1991. Mvula yoopsa ngati imene ija palibe angailetse, koma phiri lovulidwa ndi phiri lovala sizitsitsa madzi mofanana, zimenezo ngakhale agogo amene amati ndi Napolo wadutsa amavomereza.

Ndiye pali nkhani ya mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha. Kale m'mphepete mwa madambo amenewa munali nkhalango zake, mitengo italiitali yonunkhira, matabwa ake chiswe sichidya, n'chifukwa chake anthu anaikonda mpaka kuimaliza. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala. 7 abale, m'phiri lonse lija limene boma linaliteteza kuyambira 1927. Lero mukamayenda mumaona zitsa zotuwa ndi maenje momwe ankachekera matabwa. Chotonthoza mtima n'choti a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi akhala akufesa mbande m'manazale n'kukazibzala pamwamba, ndipo m'malo ena mumaiona timitengo tating'ono tikuyesetsa, komanso mizere yolimidwa yotchinga moto. Mkungudza umakula mochedwa, moto umodzi wokha utha kupha ntchito ya zaka zambiri. Ine pempho langa ndi loti mukaona timabokosi ndi tizosema ta mkungudza tikugulitsidwa, ganizani kawiri musanatulutse ndalama, chifukwa wogula ndi amene amatuma nkhwangwa.

Zogona musade nazo nkhawa. Pamwambapo pali nyumba zamatabwa zogonamo alendo, Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, ndipo pa Lichenya palinso ina ya mpingo wa CCAP. Iliyonse ili ndi bambo oyang'anira amene amakuthandizani nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda mumanyamula nokha. Ufa, usipa kapena soya, tomato, anyezi, mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, tochi. Nsima yophikidwa pa moto wa nkhuni mutayenda tsiku lonse, kunja kukuzizira, nonse mwaunjikana pa moto pamodzi ndi magaidi nkhani zili m'kamwa, imakoma mosaneneka. Ndipo pochoka muwasiyireko kangachepe bambo aja, amakhala kutali ndi mabanja awo m'malo ozizira chonchija kuti inu mukapeze moto. Kuzizira kwake musakuderere, mu Juni ndi Julayi mmawa mumapeza udzu wayera mbuu ndi chisanu, ndipo chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique kumakhala kamvula kowaza ndi chifunga masiku angapo osaona dzuwa. Juzi yokhuthala, jekete yosalowa madzi, chipewa, masokosi owonjezera. Nsapato zikhale zomanga zogwira pansi, musatengere anyamata a konko amene amathamanga ndi patapata, iwo aja mapazi awo anazolowera, ndi omwe aja amapikisana pa mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka, kukwera ndi kutsika pa maola ochepa njira imene ife timayenda masiku.

Pa za mizimu sindikufuna kutsutsana ndi munthu. Makolo athu, Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, amalilemekeza phiri limeneli ngati malo a mizimu, amati ukapeza chakudya chokonzedwa m'njira udye wekha osaitana mnzako, ndipo pali malo ena omwe gaidi amakuuzani kuti pano tichepetse phokoso. Ine ndimamvera. Ulemu umenewu ndi womwe unapangitsa kuti mu 2025 bungwe la UNESCO liike phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chake, ndipo ndikanakonda anzathu obwera ndi masipika akuluakulu m'chikwama akanazimvetsa. Nyimbo mukazimvera kunyumba. Mabotolo apulasitiki ndi mapepala a bisiketi bwererani nawo pansi, munakwera nawo odzadza, opanda kanthu sangakulemereni.

Mukandifunsa njira yoti muyambire ngati simunakwerepo, ndinganene kuti mukwere ku Chambe mugone, mmawa muone dzuwa likumenya khoma la nsonga ya Chambe, kenako mudutse m'madambo kupita ku Lichenya osathamanga, muzikhala pansi pomwe mwafuna, kusamba m'maiwe ngati thupi lilola. Lichenya ndi dambo lalikulu kwambiri, ndipo mukayenda kufika kumphepete kwake mumasuzumira pansi n'kuona minda ya tiyi yobiriwira itayalana, misewu yofiira, madenga a malata akuphethira, kutali uko mapiri a ku Mozambique. Pansi pa udzu wa Lichenya womwewo pali miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, imene yakhala ikukambidwa zaka zambiri kuti ikumbidwe, ndipo ine maganizo anga sindibisa, sindikufuna, chifukwa kukumba pamenepo ndi kufukula pomwe mitsinje yathu imayambira, ndipo ndalama ya mgodi imatha pamene ludzu silitha. Potsika pali njira yotulukira ku Boma koma ndi yoimirira kwambiri, mvula ikagwa imaterera koopsa, nde kwa oyamba kumene bola kubwerera ya ku Likhubula. Netiweki imapezeka mwa apo ndi apo, choncho auzeni a kunyumba tsiku lotsika musananyamuke kuti asakhale ndi nkhawa, ndipo nyamukani mmamawa kuti mdima usakupezeni m'chitunda.