Zikomo abale athu a ku Chitakale

Ife kwathu ndi ku Dedza. Bambo anabwera ku Mulanje kudzathyola tiyi ife tisanabadwe, ndipo kuno tinalibe mbumba, tinalibe ngakhale malume woti nkumutumira uthenga. Atatisiya sabata yatha, mayi anangokhala pakhonde nkumafunsa kuti maliro amenewa atigwirira ndani.

Yankho linabwera lokha, chiperoni chili mkati. Amayi a Mvano anafika atasenza nkhuni zonyowa, a Dorika anabwera ndi ufa ndi nandolo, achinyamata a Katolika anachezera kuyimba mpaka tambala woyamba. Chonsecho bambo ankapemphera mpingo wina, ndipo kunena zoona, ankajomba kawirikawiri.

Gogo wina amene sindikumudziwa ngakhale dzina anandipeza ndikulira kuseri kwa khitchini. Anavula chitenje chake nkundifunditsa, nati: "Mwanawe, mlendo ndani pano? Atate wathu si mmodzi?" Abusa polalikira anatsegula Aroma 8:17, pamene pamanena kuti ana a Mulungu ndiwonso olowa nyumba pamodzi ndi Khristu, koma ine ndinali nditaumva kale ulalikiwo kuseri kuja.

Zikomo amfumu potipatsa malo kumanda kwanu. Zikomo adzukulu, munakumba dothi lomata lija osadandaula. Inunso achimwene a kabaza amene munakana ndalama yanga, Mulungu akubwezereni.

Agogo, chitenje chanu ndachapa, chili kunyumba. Mayi akuti mubwere mudzatenge nokha kuti mudzamwe tiyi.