Sabata mu ofesi ya mpingo, kuyambira pa mbale ya chopereka

Kwa mlembi wa mpingo, sabata imayamba Lamulungu masana, mapemphero akangotha. Akhristu akupatsana moni panja, m'kachipinda ka kuseri mwafika kale mbale za chopereka. Munthu mmodzi sawerenga ndalama za mpingo ali yekha, kaya ndi wokhulupirika chotani. Pamafunika atatu, ndipo asakhale a banja limodzi. Awiri amawerenga, aliyense payekha osauza mnzake zimene wapeza, wachitatu n'kumalemba. Manambala akasiyana amayambiranso. Maenvulopu a chakhumi amatsegulidwa imodziimodzi, ndipo zolembedwa pamwamba zikasiyana ndi zam'kati, amalemba zenizenizo pa envulopu yomweyo onse atatu n'kusayina. Chopereka cha ntchito yapadera, monga chomangira kapena cha osowa, chimawerengedwa pachokha, chifukwa ndalama zikasakanikirana patebulo sizidzalekanitsidwanso m'buku. Fomu imalembedwa patatu: ina ipite ndi ndalama kubanki, ina kwa msungichuma, ina itsale mu ofesi. Msungichuma yekhayo asakhale nawo powerenga, poti ntchito yake ndi kudzayerekeza fomuyo ndi lisiti ya kubanki.

Sipalephera wina wodandaula kuti, "Ndiye kuti simukundikhulupirira?" Dongosololi limateteza wowerengayo kuposa ndalamazo. Tsiku limene mphekesera idzabuke, amene ankawerenga yekha alibe mboni. Pa 2 Mafumu 12:10, ndalama zokonzera Nyumba ya Mulungu m'masiku a mfumu Yoasi ankaziwerenga mlembi wa mfumu pamodzi ndi mkulu wa ansembe. Paulo naye, pa 2 Akorinto 8:16-22, anatuma Tito ndi abale ena awiri pa nkhani ya chopereka cha oyera mtima, kuti pasapezeke wowanena.

Chimene chimasokoneza mabuku kawirikawiri si kuba ayi, koma kutapa. Wina akufunika kubwezeredwa ndalama imene anagulira mabatire, ndiye amangopatsidwa kuchokera m'mbale zisanalembedwe. Pakutha pa mwezi fomu ikunena zina, banki zina, ndipo amene anatapa uja waiwala. Zonse zipite kubanki Lolemba zili zathunthu. Zogulira tinthu ting'onoting'ono zikhale ndi thumba lake, ndipo chilichonse chotulukamo chikhale ndi lisiti.

Lolemba lomwelo ndi tsiku losanja mauthenga. Nkhani zambiri za mpingo zimanenedwa pakhomo la tchalitchi, pamene abusa akugwirana chanza ndi anthu: "Abusa, amayi agonekedwa m'chipatala." Abusa amavomera ndi mtima wonse, koma pambuyo pa munthuyo pali mzere wa ena ambiri, aliyense ndi yake. Pofika madzulo uthenga uja wasowa, banja lija n'kumati mpingo unatitaya. Mankhwala ake ndi osavuta: mkulu wa mpingo mmodzi aime pambali pa abusa ndi kabuku. Mlembi amatenga kabukuko n'kugawa nkhanizo panayi: odwala, ofedwa, alendo, ndi ofuna kuonana ndi abusa. Alendo amene anasiya nambala aimbiridwe pasanathe masiku atatu. Ikadutsa sabata, foniyo imamveka ngati yongokwaniritsa mwambo.

Msonkhano wa atsogoleri umakhala Lachiwiri madzulo, ndipo apa ndi pamene mgwirizano wa mpingo umamangidwa kapena kugumuka. Ola limodzi ndi theka n'lokwanira ngati mitu yokambirana inatumizidwa dzulo lake. Mawu oopsa kwambiri pamsonkhanowu ndi akuti "tichita". Denga likudontha pakona, onse avomereza kuti tichita, apemphera, abalalika. Mwezi wamawa nkhani yomweyo yabweranso, madzi afika pa mabuku a nyimbo. Palibe anakana ntchitoyo, kungoti aliyense ankayesa kuti ili m'manja mwa mnzake. N'chifukwa chake tsamba la zogwirizana limakhala ndi madanga atatu: chochita, wochita, ndi tsiku lomalizira. Pa danga la wochita pamalembedwa dzina la munthu, osati "komiti" kapena "achinyamata". Msonkhano wotsatira umayamba ndi kuwerenga tsamba limeneli, nkhani zatsopano zisanalowe.

Ena amaona ngati zoterezi n'zakuthupi, zosayenera anthu achikhulupiriro. Awerenge Machitidwe 6. Mu mpingo wa ku Yerusalemu munabuka dandaulo lakuti akazi amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankawadumpha pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane kuti vuto lilipo, ndiponso sanadzisenzetse ntchitoyo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri, ndipo maina awo analembedwa: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao. Onsewa ndi maina a Chigriki, ndipo odandaula aja anali a chilankhulo chomwecho. Mpingo umene ukusankha komiti yoona za dandaulo la gulu lina, koma osaikamo ngakhale mmodzi wa gululo, uyembekezere kulimvanso dandaulolo.

Pamsonkhano womwewu m'pamene amaona ngati udindo uliwonse uli ndi wachiwiri. Woimba kiyibodi, wosunga makiyi, woyendetsa zokuzira mawu, wolemba kaundula: pa uliwonse pakhale munthu wina amene anaigwirapo ntchitoyo ndi manja ake, osachepera kamodzi pamwezi. Wachiwiri wa papepala pokha sathandiza. Ndipo kunena zoona, amene amatsekereza zimenezi nthawi zambiri ndi akhama omwe aja, amene amati "ndingopanga ndekha, zifulumire". Zimafulumiradi, mpaka tsiku limene adwala.

Lachitatu ndi la kuyendera anthu. Oyendera amapita awiriawiri, monga Yesu anatumira ophunzira ake pa Marko 6:7, ndipo pokaona munthu wamkazi amene ali yekha, mmodzi mwa awiriwo akhale wamkazi. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: mmodzi akamacheza ndi wodwala, winayo amaona zimene sizikunenedwa, monga wodwazika amene sanagone masiku angapo. Kuchipatala mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira. Wodwala amatopa, koma ulemu umamuletsa kunena. Afunsidwe kaye ngati akufuna pemphero, ndiponso ngati akulola kuti dzina lake litchulidwe mu mpingo. Matenda ake salengezedwa popanda chilolezo chake. Woyendera salangiza za mankhwala, ndipo kuuza munthu kuti asiye kumwa mankhwala poonetsa chikhulupiriro ndi kuika moyo wake pachiswe. Lipoti lobwerera ku ofesi likhale lalifupi: tsiku, amene anapita, ndi chofunika kuchita. Zakukhosi zimene wodwala anaulula sizilowa m'buku.

Abusa okha sangafike paliponse. Yetero anauza Mose zomwezi pa Eksodo 18, kuti adzafooka iye ndi anthu omwe, ndipo anamulangiza kuika atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Gawo lomalizali ndi limene limagwira ntchito kwambiri mu mpingo. Mkulu mmodzi angathe kudziwa bwino mabanja khumi kapena khumi ndi awiri, n'kuzindikira wina akasowa masabata awiri otsatizana. Mukam'patsa mabanja 40, adzadziwa okhawo amene amabwera okha kudzadandaula, ofatsa n'kumazimiririka mwakachetechete. Thandizo la osowa nalo limayenda bwino likadzera mwa akulu amenewa, pa m'ndandanda wolembedwa ndi mfundo zodziwika kwa onse. Pa 1 Timoteo 5:9 tikuona kuti mpingo woyamba unali ndi kaundula wa akazi amasiye ndi zoyenereza zake. Popanda m'ndandanda, amalandira kawiri ndi wodziwa kupempha.

Lachinayi masana pulogalamu ya Lamulungu imatsekedwa. Mlaliki apereke ndime ndi mutu wa ulaliki, kuti akwaya asankhe nyimbo zogwirizana nazo ndipo owerenga Mawu ayeserere maina ovuta. Zolengeza zifike zolembedwa. Zobwera mochedwa zimadikira sabata yamawa, kupatula za maliro.

Maliro ndiwo amayesa dongosolo lonseli, poti safunsa kuti pulogalamu ili pati. Uthenga ukafika, munthu mmodzi yekha ndiye alankhule ndi banja m'dzina la mpingo, n'kugawira ena zochita. Akaimba foni anthu asanu, banja limamva nthawi zisanu zosiyana za mwambo. Abusa akatanganidwa kumeneko, phunziro la Baibulo ndi kalasi ya ofuna ubatizo zimapitirira ndi achiwiri aja.

Lachisanu madzulo akwaya ndi a zokuzira mawu amakonzekera limodzi, osati aliyense tsiku lake. Mikangano yambiri ya magulu awiriwa imayamba chifukwa amakumana koyamba Lamulungu m'mawa anthu ali kale m'mipando. Pakabuka kusamvana, njira ya pa Mateyu 18:15-16 ndi imene imasunga gulu: awiriwo akambirane paokha, zikakanika aitane mmodzi kapena awiri. Nkhani ikangoponyedwa pa gulu la WhatsApp, yakula kale, chifukwa aliyense amayankha akudziwa kuti ena akuwerenga. Aphunzitsi a Sande Sukulu nawo amatsimikiza tsiku lomweli kuti kalasi iliyonse ili ndi akuluakulu awiri, ndi kaundula wolembamo mwana aliyense ndi amene adzam'tenge.

Loweruka ndi la manja. Ngati mawa kuli Mgonero wa Ambuye, chiwerengero cha tizikho sachita kulota. Amatenga cha Migonero itatu yapitayo, kupeza chapakati, n'kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi. Ngati chapakati ndi 240, akonze 264, ndipo ngati thireyi imanyamula tizikho 40, pafunika mathireyi asanu ndi awiri. Otumikira auzidwe mizere ya mipando imene aliyense adzayende, ndi amene adzapite kwa okalamba ndi olumala amene sangafike kutsogolo. Akapanda kugawana chonchi, mzere wina umalandira kawiri, wakumbuyo n'kudumphidwa.

Zokuzira mawu zili ndi ndondomeko yake. Poyatsa, mikisa (makina osakanizira mawu ochokera ku maikolofoni) ndi zina zonse zimayamba, ampulifaya (makina opatsa masipika mphamvu) n'kumalizira. Pozimitsa, ampulifaya ndiyo imayamba. Mukasemphanitsa, kuphulika kumene kumamveka kuja kumatha kuwononga masipika. Kulira kobaya m'makutu kumabwera maikolofoni ikaloza ku sipika kapena ikakhala patsogolo pake, mawu n'kumazungulira, choncho masipika aime patsogolo pa oimba, ndipo maikolofoni imene sikugwiritsidwa ntchito itsekedwe. Maikolofoni opanda nthambo aikidwe mabatire atsopano kapena otchajidwa mokwanira, ena apadera akhale pafupi ndi mikisa, osati m'kabati imene kiyi wake ali ndi munthu amene sanafike.

Lamulungu m'mawa, kutatsala mphindi 30, onse okhala ndi gawo amakumana kwa mphindi khumi: mlaliki, wotsogolera mapemphero, wa kwaya, wa zokuzira mawu, olandira alendo ndi wolengeza. Amadutsa pulogalamu mzere ndi mzere, aliyense adziwe amene akum'landira ndi amene akum'siyira, kenako amapemphera. Zolengeza zimapatsidwa mphindi zisanu, ndipo amawerenga munthu mmodzi, chifukwa maikolofoni ikayamba kuyenda m'manja mwa atsogoleri a magulu, nthawi ya ulaliki ndi imene imadyeka. Olandira alendo amawerenga anthu ulaliki uli pakati, ochedwa atalowa, n'kupereka nambalayo ku ofesi. Belu lisanalire, mlembi amayang'ana m'mipando kuti aone ngati owerenga chopereka atatu a sabata ino afika, ndipo ngati mmodzi palibe, amatuma mawu kwa wotsatira pa m'ndandanda nyimbo yoyamba isanathe.