Sabata ya mayunifolomu

Sabata ino tinali pa mayunifolomu. Sukulu zikutsegulira mu September, ndipo sukulu ina ya pulaimale yomwe si ya boma inatipatsa oda ya madiresi ndi malaya a ana. Ine ndimaphunzitsa zosoka pamalo ena osungirako amayi ndi atsikana amene anapulumutsidwa kwa anthu ozembetsa anzawo, komanso ena amene anathawa nkhanza za m'banja. Komwe kuli malowa sitiuza munthu, ngakhale abale athu, poti ena mwa amene anawazunza akuwasakabe.

Lolemba lonse linathera pa makina. Athu ndi akuda aja opalasa ndi mapazi, ndipo ndimawakonda kuposa amagetsi chifukwa ambiri akachoka pano akukakhala m'nyumba zopanda magetsi. Lamulo langa n'lakuti munthu asanasoke kanthu ayambe wadziwa kumasula makina, kuchotsa thonje lounjikana pansi pa mano, kudonthezera mafuta, ndi kulumikiza lamba ndi kawaya akaduka. Ndaona makina ambiri ogawidwa ndi mabungwe ali pakona, ofunditsidwa chitenje, kamba ka kasukulufu kamodzi komwe kanasowa womanga.

Lachiwiri foni ya mayi wina inalira tili mkati modula nsalu. Anayang'ana nambala, n'kuibwezera m'thumba, koma sizasi inayamba kunjenjemera m'manja. Ndi mmodzi wa amayi amene anabwerako ku Oman. Nkhani yawo inamveka kwambiri mu 2024 wailesi ya BBC itaiulutsa: amalonjezedwa ntchito yabwino, akafika pasipoti imalandidwa, ndipo pansi pa dongosolo la kafala wantchito sangasiye bwana wake mwakufuna kwake. Zala za mayiyu zinasupuka ndi mankhwala otsukira zimbudzi, moti kulowetsa ulusi pa singano kumamutengera nthawi. Koma chimene chimamusowetsa tulo si zalazo ayi. Ndi katapila. Kuti apeze pasipoti ndi kulipira ajenti womupezera ntchito, amayi ake anakongola ndalama atapinyolitsa munda, poganiza kuti mwana akangofika kunjako ayamba kutumiza. Wabwera chimanjamanja, chiwongoladzanja chikukwerabe.

Pa nthawi ya tiyi anandikokera pambali. "Aphunzitsi, setifiketi mukunenayo ndilandira pakatha miyezi. Nanga anthu aja adikira?"

Funso limeneli ndi limene limandichititsa kuyenda m'masukulu ndi m'makwaya a mpingo kupempha maoda, ntchito yomwe sinalembedwe n'komwe pa kalata yanga ya ntchito. Munthu amene ali ndi ngongole saphunzira ndi mutu wonse. Ajenti wina akamuimbira kuti ku Joni kukufunika wantchito wa m'nyumba, anyamuka, ngakhale akudziwa bwino lomwe zimene zinamuchitikira ulendo woyamba. Si kupusa. Wawerengera, waona kuti kuno palibe chikulowa. N'chifukwa chake ndimakakamira kuti wophunzira azilandira kenakake pa chovala chilichonse chimene wasoka kuyambira mwezi woyamba, olo kakhale kopinda m'mphepete chabe.

Lachitatu kunabwera alendo ochokera kwa amene amatithandiza ndi ndalama. Anthu abwino ndithu, koma fomu yawo imafunsa chinthu chimodzi: amaliza maphunziro ndi angati? Palibe mzere wofunsa kuti pakatha chaka, akudyabe za luso limenelo ndi angati. Ndinawauza mosabisa kuti utelala si wa aliyense. Mumsika muli kaunjika wotchipa kuposa nsalu yokha, ndipo khonde lililonse la sitolo lili kale ndi telala wake. Amene amapeza phindu ndi amene wagwira msika wa mayunifolomu, zovala za ukwati ndi zinkhoswe, kapena wodziwa kuchepetsa kaunjika yemweyo. Ndili ndi mtsikana amene amadana ndi singano koma wailesi yathu itafa anaimasula n'kuidzutsa. Ameneyo malo ake ndi kosula zitsulo kapena koika masola, ndipo maphunziro otere alipo kudzera ku TEVETA, yomwe yakhala ikuyang'anira za ntchito zamanja kuyambira 1999. Chomutchinga ndi chiphaso cha unzika. Chake chinatsala ndi amene anamutenga kwawo, ndipo popanda chiphaso simungalembetse simu, ndiye kuti Airtel Money ndi Mpamba zomwe mulibe. Mnzanga woona za chisamaliro cha anthu ndiye akuthamanga nazo.

Lachinayi sindinasoke. Ndinaperekeza mtsikana wina kukhoti chifukwa anati sangapite popanda ine. Anamutenga kumudzi ali wamng'ono, atauza makolo kuti akukagwira ntchito yolera mwana m'tauni, koma anakathera kumabala. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 ndi lolimba: zaka mpaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu, mpaka 21 ngati ndi mwana. Koma lamulo silikuuza chochita ngati amene wakhala m'bokosi ndi azakhali ako enieni, ndipo kumbuyo kwadzaza abale okuyang'ana ngati wolakwa ndiwe. Mlandu unaimitsidwa mpaka tsiku lina. Titabwerera sanakhale pa makina, ndinangomupatsa malaya oti azisomeka mabatani.

Lachisanu ndilo tsiku limene ndimalikonda, ngakhale ndi lovuta. Timaphunzira kuika mtengo. Ndimawapatsa diresi limodzi kuti aliyense alembe mtengo wake pakapepala. Pafupifupi onse amawerengera nsalu, ulusi, zipi ndi mabatani, basi. Thukuta lawo saliika. Munthu amene wagwira ntchito zaka osalipidwa, kapena amene mwamuna wake ankamulanda iliyonse imene wapeza, pakamwa pake pamalemera kutchula mtengo. Ndiye timachita kasewero. Ine ndimakhala kasitomala wovuta uja, chikwama m'khwapa.

"Iii, asisi, kadiresi kameneka? Kwa abambo aja a pakona amandisokera theka la mtengo umenewu."

Woyamba anangoti, "Perekani imene muli nayo, amayi." Anzake anaphulika kuseka, chifukwa aliyense anadzimva. Tinabwereza mpaka wina anandiyankha akundiyang'ana m'maso: "Pitani kwa abambo a pakonawo, zipi ikakathothoka mudzandipeza pompano." Nditapempha kuti nditenge diresi ndidzalipire kumapeto kwa mwezi, anatulutsa kope n'kunena kuti ndisiye kaye theka.

Masana tinatengera oda kusukulu ija. Malaya angapo anabwezedwa chifukwa kolala inapendama, ndipo analondola, inapendamadi. Analipira gawo lina, yotsalayo akuti makolo akapereka fizi. Tinagawana malinga ndi zimene aliyense anasoka, kenaka banki mkhonde yathu inakhala monga mwa Lachisanu lililonse. Mayi wa ku Oman uja anagula sheya imodzi yokha, yotsala anatumiza kumudzi kuti akatapila aone kuti kanthu kayamba kubwera. Lolemba tiyamba ndi kumasula makolala aja, ndipo ndalonjezana ndi amayi a kwaya ina kuti ndikawayeze Lamulungu akaweruka ku tchalitchi.