Barry Sanders, munthu amene sankathamangira rekodi

Ndikaona anthu akukangana kuti running back woposa onse mu mpira wa ku America ndi ndani, sindichedwa kutchula Barry Sanders. Ndikudziwa kuti ziwerengero zikuloza kwa Emmitt Smith, ndipo achikulire ambiri a ku America sasiya kutamanda Jim Brown. Koma ndaonera mobwerezabwereza mavidiyo akale a Sanders pa YouTube, ndawerenganso za moyo wake, ndipo chimene chinandigwira mtima si liwiro lokha ayi. Ndi mmene munthuyu ankachitira pamene ulemu waukulu unali pafupi, pongofunika kutambasula dzanja.

Kwa amene masewerowa simuwatsatira, ndifotokoze pang'ono. Bwalo lake ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi imaperewera pang'ono kukwana mita. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti ipite patsogolo ndi mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwanso mipata ina inayi, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kupeza touchdown. Running back amaima kumbuyo, amalandira mpira m'manja kuchokera kwa quarterback (wosewera amene amagawa mpira kwa anzake), n'kuthamanga nawo kulowa pakati pa anthu 11 amene cholinga chawo ndi kumugwetsa. Ena mwa anthuwa amalemera makilogalamu oposa 130. Pa masewero amodzi running back wodalirika amatha kupatsidwa mpira ka 20 kapena kuposa, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse umathera pansi, anthu ataunjikana pamwamba pake. N'chifukwa chake ambiri a pamalo amenewa sakhalitsa. Mawondo amatha msanga.

Sanders anabadwa pa 16 July 1968 ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, m'banja la ana 11. Bambo ake, a William Sanders, ankagwira ntchito yofolera nyumba, ndipo anyamata awo ankakwera nawo padenga kukathandiza, dzuwa likuswa mtengo. Barry anali wamfupi, masentimita 173 basi, ndipo kusekondale ya Wichita North aphunzitsi a mpira sanamuone ngati running back mpaka chaka chake chomaliza chitayamba kale. Atamupatsa mpata, anathamanga mayadi 1,417 m'masewero 7 otsala. Ngakhale zinali choncho, mayunivesite akuluakulu ambiri anamudutsa chifukwa cha msinkhu. Anapita ku Oklahoma State, komwe anakhala zaka ziwiri akudikirira kumbuyo kwa Thurman Thomas, amenenso pambuyo pake anadzakhala katswiri ku Buffalo Bills.

Thomas atachoka, chaka cha 1988 chinakhala cha Sanders. M'masewero 11 anathamanga mayadi 2,628 ndipo anapeza ma touchdown 37 othamanga ndi mpira. Anapata Heisman Trophy, mphoto yapamwamba kwambiri mu mpira wa m'mayunivesite, ndipo uthenga wake unamupeza ali ku Tokyo komwe timu yake inapita kukasewera ndi Texas Tech. Pa vidiyo ya tsikulo amaoneka ngati munthu amene akufuna kuti mwambowo uthe msanga akasewere mpira.

Mu 1989 timu ya Detroit Lions inamusankha ali wachitatu pa onse olowa mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, chaka chimenecho, pambuyo pa Troy Aikman ndi Tony Mandarich. Anamupatsa jezi nambala 20, imene kale ankavala Billy Sims. Pa ndalama zimene analandira posaina kontirakiti anachotsapo chakhumi n'kupereka kutchalitchi cha kwawo ku Wichita.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri inachitika pa masewero omaliza a chaka chake choyambacho, Lions ikusewera ndi Atlanta Falcons. Christian Okoye, chimphona chochokera ku Nigeria chimene chinkasewera ku Kansas City Chiefs, anali atamaliza sizoni ndi mayadi 1,480, kutsogolera ligi yonse. Sanders anali atafika pa 1,470. Mayadi 10 okha. Masewero anali asanathe, Lions inali ikutsogola bwino, ndipo mphunzitsi Wayne Fontes anamufunsa ngati akufuna kubwerera m'bwalo kuti akapitirire Okoye. Mnyamata wa zaka 21, m'chaka chake choyamba, anakana. Timu inali itapambana kale, ndiye sanaone chifukwa chobwereranso. Okoye anatenga ulemuwo. Ine ndikaganiza za zaka 21, msinkhu umene munthu amafunitsitsa kuti dziko limudziwe, ndimaona kuti mtima woterewu sanachite kuuphunzira atakula. Anabwera nawo mu ligi.

Kathamangidwe kake n'kovuta kukafotokoza m'mawu. Ma running back ambiri amaona mpata n'kulowamo ndi mphamvu zonse, mutu pansi. Sanders ankatha kuima chilili pakati pa chipwirikiti, miyendo ili tang'a, thupi lili pansipansi, kudikira kuti womugwetsa asankhe mbali, kenako n'kudumphira mbali inayo. Ntchafu zake zinali zikuluzikulu, ndipo ankasintha kolowera popanda kuchepetsa liwiro. Taonerani masewero a mu January 1992 pamene Lions inakumana ndi Dallas Cowboys mu ndime ya ma playoff, ya chipulumutso chakumapeto kwa sizoni. Sanders analandira mpira, n'kukaomba gulu la anthu kudzanja lamanja. Aliyense anaganiza kuti wagwa. Osewera a Dallas ena anayamba kuwongoka, mmodzi akucheukacheuka kufunafuna komwe mpira uli. Sanders anali asanagwe. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, anatulukira pakati, n'kuthamanga mayadi 47 mpaka touchdown. Lions inapambana 38-6. Mu 1995, Rod Woodson wa Pittsburgh Steelers, mmodzi mwa otchinga odziwa ntchito yawo m'mbiri ya ligi, anaduka mtsempha wa bondo poyesa kutembenuka kuti amugwire.

Ndiye akafika kumapeto kwa bwalo, masapota masauzande akukuwa mu Pontiac Silverdome, sitediyamu ya Lions ya nthawi imeneyo, iye ankangoyang'ana komwe kuli woyimbira, n'kumupatsa mpira m'manja, n'kubwerera kubenchi. Osavina, osadziguguda pachifuwa, osaloza kamera. Anachita zimenezi zaka 10, pa ma touchdown 99 othamanga ndi mpira. Sindikunena kuti kuvina n'kolakwa. Masewero ndi chisangalalo, ndipo amene akufuna kuvina avine. Koma pali china chake chimene chimandikhudza ndikaona munthu atangochita zimene anzake onse m'bwalo sangathe, kenako n'kupereka mpira mwaulemu ngati wabweza chinthu chobwereka.

Omutsutsa ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopanda pake. Chifukwa chokonda kubwerera m'mbuyo pofunafuna mpata, Sanders ankagwetsedwa kawirikawiri asanafike n'komwe pamzere umene mpira unayambira. Anataya mayadi oposa 1,000 mwanjira imeneyi pa moyo wake wonse wa mu NFL. Mphunzitsi amene akufuna mayadi atatu otsimikizika sangakondwere ndi munthu amene angakupatse mayadi 60 kapena kukubwezera m'mbuyo ndi awiri. Ndipo pa masewero a playoff a sizoni ya 1994 ku Green Bay, m'chaka chimene anathamanga mayadi 1,883, a Green Bay Packers anamutsekera njira zonse: anapatsidwa mpira ka 13, ndipo zonse pamodzi anabwerera m'mbuyo ndi yadi imodzi. Zimenezi zinachitikadi. Koma muziona ndi mmene zinalili kutsogolo kwake. Running back amadalira amuna asanu amene amamutsegulira njira. Mu November 1991 mmodzi wa iwo, Mike Utley, anavulala khosi pa masewero ndi Los Angeles Rams ndipo anafa ziwalo. Patangopita miyezi yochepa, mu June 1992, mnzake Eric Andolsek anamwalira atagundidwa ndi thiraki ali pabwalo la nyumba yake ku Louisiana. Timu imene inapambana masewero 12 mu 1991 inataya anthu awiri ofunika pamzere umodzi, ndipo ma quarterback ankangosinthasintha chaka ndi chaka. Nthawi zambiri Sanders ankalandira mpira mdani atafika kale pamaso pake. Ndi zonsezo, avereji yake inali mayadi 5 pa ulendo uliwonse wonyamula mpira.

Chaka cha 1997 chinayamba moipa. M'masewero awiri oyamba anapeza mayadi 53 okha, anthu n'kuyamba kunong'ona kuti mwina wayamba kutha. Kenako anathamanga mayadi oposa 100 m'masewero 14 otsatizana, n'kumaliza ndi 2,053. Anakhala munthu wachitatu kudutsa 2,000 mu sizoni imodzi, pambuyo pa O.J. Simpson mu 1973 ndi Eric Dickerson mu 1984, ndipo anagawana mphoto ya MVP, ya wosewera woposa onse mu ligi, ndi Brett Favre. Koma tsiku lomwe anadutsa 2,000, pa masewero ndi New York Jets, mnzake wa mutimu Reggie Brown anavulala msana n'kugona pabwalo osapuma bwino, madokotala akulimbana kuti apulumutse moyo wake. Brown anachira koma sanaseweranso mpira. Ndimakhulupirira kuti munthu amene waona Utley ndi Brown atagona chomwecho, pamtunda wa mayadi ochepa kuchokera pomwe waima, amayamba kuwerengera zinthu mosiyana ndi ife oonera pa sikirini.

Mu 1998 Lions inapambana masewero 5 n'kugonja 11. Sanders anali atafika pa mayadi 15,269, ndipo rekodi ya ligi yonse ya mayadi othamanga ndi mpira, ya Walter Payton, inali 16,726. Kusiyana kwake kunali mayadi 1,457, pomwe iye m'chaka chofookacho anali atathamanga 1,491. Sizoni imodzi yabwinobwino inali yokwanira. Anali ndi zaka 31, thupi lili bwino. Kumapeto kwa July 1999, timu ikukonzekera kuyamba kampu, anatumiza kalata pa fakisi kunyuzipepala ya kwawo, Wichita Eagle, yonena kuti wasiya mpira, kenako anakwera ndege kupita ku London. M'kalatayo ananena kuti chikhumbo chake chochoka chinali chitaposa chikhumbo chokhalabe m'masewerowo.

Anthu a ku Detroit anakwiya, ndipo mkwiyo wawo ndimaumvetsa. Anachoka mochedwa, timu ilibe nthawi yopeza wolowa m'malo mwake, ndipo sanaime pamaso pa masapota amene anamukonda zaka 10 kuti atsanzike. Pamenepo akanatha kuchita bwino. Koma sindigwirizana ndi amene amati anathawa. Patapita zaka iye mwini anafotokoza kuti kugonjagonja kwa timu, ndi kuona anzake odalirika akuchotsedwa mmodzimmodzi, kunamutopetsa mpaka anasiya kukhulupirira kuti Lions idzafika pa Super Bowl, fainolo ya ligi, iye akusewera. Chimene chinatsala chomusunga chinali rekodi ya Payton yokha. Ndipo munthu amene anakana mayadi 10 a Okoye ali ndi zaka 21 sakanalola kugwetsedwa maulendo ena 300 chifukwa cha nambala. Akanakhala kuti anatsalira rekodiyo, ndiye kuti akanasintha kukhala munthu wina. Payton anamwalira mu November chaka chomwecho cha 1999 rekodi ikadali yake. Emmitt Smith anaidutsa mu 2002, ndipo anamaliza ndi mayadi 18,355 atasewera masizoni 15. Smith anali ndi zikho zitatu za Super Bowl, anali ndi mzere wa omutsegulira njira umene running back aliyense angaulakelake, ndipo anali wolimba modabwitsa. Ulemu wake ndi womuyenera. Sanders anasewera masizoni 10, ndipo m'sizoni iliyonse anadutsa mayadi 1,000 n'kusankhidwa kupita ku Pro Bowl, masewero a akatswiri osankhidwa a ligi. Kanayi anatsogolera ligi yonse pa mayadi othamanga ndi mpira.

Chimene chimandiwawa ndi zimene Lions inachita pambuyo pake. Inamutengera kwa oweruza milandu ya makontirakiti kuti abweze gawo la ndalama zimene analandira posaina mu 1997, ndipo analamulidwa kubweza madola mamiliyoni angapo. Mwalamulo timu inali ndi mfundo. Koma munthu amene anadzaza sitediyamu yanu zaka 10, m'nyengo imene munalibe china choonetsa, simumutsanzika ndi maloya. Ubale wawo unazizira kwa zaka zambiri usanakonzedwe. Mu 2023 timuyi inaimika chipilala chake kunja kwa sitediyamu yake ya Ford Field, ndipo mu January 2024 Lions inapambana masewero a playoff koyamba kuchokera tsiku lija la Dallas mu 1992. Zaka 32 zinadutsa pakati, zimene zikusonyeza kuti pamene Sanders ankaona kuti timuyo sikupita kulikonse, sankalota.

Sanders analowa mu Pro Football Hall of Fame, nyumba yolemekezeramo akatswiri a mpirawu ku Canton, Ohio, mu 2004 ali ndi zaka 36, ndipo amene anamuimirira pomulandira anali bambo ake. A William Sanders anali munthu wosabisa mawu, ndipo moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti palibe woposa Jim Brown. Ataima pa maikolofoni pamaso pa khamu lonse, anati mwana wawo ndi running back wachitatu pa onse amene anakhalako, pambuyo pa Jim Brown ndi iwo eni akewo. Anthu anaseka, Barry nayenso anamwetulira, kenako anaimirira n'kuthokoza anzake amene ankamutsegulira njira ku Detroit.