Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Nyanja ya Mchere ya ku Larnaca

Ndinatera ku Cyprus mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo. Titangotuluka pabwalo la ndege la Larnaca ndinaona chidambo choyera mbee, chong'aluka, chopanda ndi dontho lomwe la madzi. Mtima unandigunda. Ine ndinakulira ku Kachulu, ndipo m'chaka cha 1995, nyanja ya Chilwa itaphwa, ndinaona bambo anga atakhala pabwato lawo lili pamatope ouma, maukonde ali m'manja, kusowa kolowera. Matemba anasowa, sukulu ndinayamba ndaimira. Ndiye kuona nyanja yakufa tsiku loyamba m'dziko la eni, ndinati awa ndi malodza.

Amene anandimasula ndi agogo ena aamuna oyandikana nafe nyumba, omwe pa unyamata wawo ankakumba mchere pomwepo. Anati nyanjayi siifa, imangogona. Ndi nyanja zinayi zolumikizana, yaikulu kwambiri ndi Aliki, ndipo kalekale inali doko lotsegukira kunyanja yaikulu, mchenga usanatseke pakamwa pake. Chilimwe chilichonse madzi amauma n'kusiya mchere. Iwo ankaupala, kuusenzetsa abulu m'madengu, n'kuuunjika milu italiitali m'mphepete. Ntchitoyi inatha mu 1986. Pofotokoza ankandionetsa zikhatho zawo, ngati mcherewo udakali m'ming'alu.

Anandiuzanso nthano ya kumeneko: Lazaro, yemwe uja anaukitsidwa, akudutsa anapempha mphesa kwa mayi wina. Mayiyo anamumana ponama kuti munda wauma, basi mundawo unasanduka mchere. Agogowo ankaikamba ndi nkhope yosaseka, ndipo ine sindinaitsutse, poti nafenso tili ndi zathu za pachilumba cha Chisi.

Mvula inabwera mu Novembala. Lamlungu lina mu Disembala, nditatopa ndi kuchapa nsalu za kuhotela komwe ndinkagwira ganyu, ndinayenda wapansi mpaka ku Hala Sultan Tekke, mzikiti wozunguliridwa ndi migwalangwa, pomwe pali manda a Umm Haram, mayi wa m'nthawi ya Mtumiki Muhammad amene anamwalira atagwa pa nyulu. Nditatembenukira kumadzi ndinangoti kakasi. Chidambo chija chinali nyanja, ndipo panali mbalame za flamingo zikwizikwi, miyendo yaitali kuposa ya kakowa, mitu ili m'madzi chozondoka, zikusefa chakudya ndi milomo yawo yokhota. Zimadya tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi amchere. Mazira a tinkhanuti amapirira chilimwe chonse m'dothi louma, mvula ikagwa n'kuswa. Tinkhanuto timadya ndere zofiira, ndipo kufiirira kwa nthenga za mbalamezi kumachokera komweko. Mbalamezi zimakhala mpaka cha m'Malichi. Pambali pake panali abakha am'tchire, ndipo ndege zinkangotera chapafupi, mbalamezo osatekeseka.

Chimene chinandigwira mtima si kukongolako ayi, koma mazira aja. Bambo ankanena kuti milamba imabisala m'matope a m'madambo kudikira madzi, ine ndili mwana ndinkayesa akungonditonthoza.

Madzulo ake ndinawaimbira foni.

"Bambo, kunonso kuli nyanja youma n'kubwerera, ngati yathu."

"Muli nsomba?"

"Mulibe, bambo, mchere ndi wambiri. Muli mbalame zokha."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ukadzabwera udzanditengere chithunzi chake, mwana wanga." Chithunzicho ndinachijambula mawa lake m'bandakucha, ndisanapite kuntchito.