Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mafupa anga pakhoma

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditabwerera ku Zomba, kukakhala ndi amayi ku Chinamwali ntchito itatha. Chomwe chinanditola masiku amenewo ndi gule. Tinali ndi kagulu kathu kovina manganje ndi chimtali pa maukwati, tikapezako ya sopo n'kugawana.

Mchimwene wa mnzanga wina wa m'gululo ankaphunzira za kompyuta ku Chanco. Iyeyu ndiye anabweretsa Kinect, kachipangizo kakuda komwe kampani ya Microsoft inatulutsa mu 2010 kuti anthu azisewerera magemu. Kamawaza kuwala kosaoneka ndi maso, n'kuyeza kuti chinthu chilichonse chili patali bwanji. Kenako pulogalamu imasaka mfundo 20 za thupi, monga mutu, mapewa, zigongono, mawondo ndi akakolo, n'kuzilumikiza ndi mizere. Ukakweza mkono, kamunthu ka mizereko kamakwezanso. Mnyamatayo anati zimenezi amazitcha motion capture, ndipo opanga mafilimu akuluakulu amaveka munthu zovala zothina zokhala ndi timipira tonyezimira, makamera ambiri atamuzungulira. Anandionetsanso pa laputopu gule wa Merce Cunningham, katswiri wopeka magule wa ku America, wa mu 1999 wotchedwa BIPED, momwe zithunzi zotengedwa motere zinkaonekera pansalu yopyapyala, anthu enieni akuvina kumbuyo kwake. Mtima wanga unagunda. Ndinafuna kudziona.

Tinabwereka pulojekita n'kuloza pakhoma la pabalaza. Nditangoyamba kuvina, miyendo ya pakhomayo inapindikapindika, bondo lina likuthawira kumbali. Mnyamatayo anati, "Achemwali, chitenjecho chikubisa mawondo, makinawa sakukuonani. Valani thalauza." Amayi anali pampando akusankha nyemba. Anakweza mutu n'kunena kuti, "Ife anatiletsa thalauza, inu akukuletsani chitenje." Ankanena lamulo la 1973 lija loletsa akazi kuvala mathalauza, lomwe linachotsedwa mu 1993.

Ndinavala thalauza, miyendo inawongoka. Koma chiuno chinasowa. Aliyense amene anavinapo chimtali akudziwa kuti gule ali m'chiuno, m'kunjenjemera kwakung'ono kuja komwe agogo anandiphunzitsa atandigwira m'nthiti kuti mapewa asagwedezeke. Pulogalamuyo inkakutenga ngati cholakwika cha kamera, n'kukusalaza. Pakhoma panali munthu woyenda ngati ine, wopeperuka bwino, koma si mdzukulu wa agogo anga. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero ndimati amene analemba pulogalamu imeneyo ankaganiza za thupi losewera tenisi, osati lovina kwathu kuno.

Chomwe chinasintha zonse chinachitika nditakhala pansi kupuma. Mnyamatayo anali atasunga mavinidwe anga m'kompyuta. Anadina batani, mafupa aja anayamba kuvina okha, ine ndikumwa madzi. Anawafulumizitsa, anawabwezera m'mbuyo, kenako anawachulukitsa mpaka khoma lonse linadzaza mizere ya akazi ofanana, akuponda phazi limodzi nthawi imodzi. Iye ankaseka ndi chimwemwe. Amayi anaika lichero pansi.

"Mbumba imeneyo," anatero.

Usiku umenewo anandiuza zomwe anali asanandiuzepo. Mmene a chipani ankayendera khomo ndi khomo kuitana amayi kokonzekera magule, mmene ankakwerera lole atavala nsalu ya nkhope ya Kamuzu, kusiya mwana akudwala, kusiya munda osapalira. Chomwe chinandikhudza n'chakuti sananyoze gulewo. Anati, "Mwanangu, kuvina tinkakukonda, ng'oma ikalira thupi linkayankha lokha. Koma palibe anatifunsa ngati tikufuna." Ndinamvetsa chifukwa chake amayi, omwe anthu a m'mudzi mwawo amati anali katswiri, sindinawaonepo akulowa m'bwalo ngakhale pa ukwati wa mlongo wanga.

Kutacha ndinapita kwa mnyamata uja ndi maganizo awiri. Loyamba, tipange sewero la gule: ine ndivine nditavala chitenje changa, mafupa a pakhoma azisokonekera mmene angasokonekere, iye akhale poonekera ndi laputopu yake, anthu aziona dzanja lomwe likuvinitsa mizere ija. Nthawi zina ndiziitsatira, nthawi zina ndiziikana. Lachiwiri, mafayilo onse a thupi langa akhale pa fulashi yanga, ndipo asawavinitse ine kulibe. Apa tinakangana. Iye ankati ndi manambala chabe, mulibe nkhope, mulibe dzina. Ine ndinati manambalawo ndawakhetsera thukuta, ndipo mayendedwe amenewo ndi a agogo anga. Anavomera monyinyirika, koma anasunga pangano.

Tinayamba kukonzekera mu holo ina ya tchalitchi ku Matawale, madzulo magetsi akakhalapo. Amayi anati sadzabwera kudzaonera. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani za tsiku la sewerolo, ndi amene anatiimbira ng'oma woimba wathu atadwala.